Zimene Bambo Ananena M'Nyumba ya Malamulo

4 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tilipo. Bambo miyendo ndi yomwe ija, maso akunka nachita chifunga, koma pakamwa pokha mpamoyo. Foni yanga inagwera mu ndowa ya madzi, ndiye ndabwerera ku cholembera. Zandikomeranso, chifukwa kalata sungaidule pakamwa ngati mmene umachitira pa foni.

Nkhani ndi iyi. Pachipatala chathu chaching'ono amanga chipinda chatsopano cha amayi oyembekezera, ndipo komiti ya chipatala ikufuna kulemba dzina la munthu pakhoma. Mayina alipo awiri: la Bambo, ndi la malemu Wachipewa, uja anawalanda mpando wa uphungu. Ana a Wachipewa abweretsa chithunzi cha bambo awo akudula riboni pa ambulansi yoyamba ya chipatalachi. Ife tabweretsa pakamwa. Ndinawauza kuti ambulansiyo anaimenyera nkhondo ndi Bambo pamene anali phungu, ndipo tsiku lina anayankhula mpaka Nyumba yonse inangoti zii, nduna n'kupempha madzi akumwa. Wapampando anati, "Mayi, imeneyo tonse tinaimva tili ana. Tipatseni pepala."

Akuti zonse zimene aphungu amayankhula zimalembedwa, ndipo mabuku ake ali mu laibulale ya Nyumba ya Malamulo. Iwe paja umati mumzindamo palibe chitseko chimene sichikudziwa. Pita ukatipezere mawu a tsiku limenelo. Komiti ikumana pa 25 Malichi. Utumizenso mankhwala a m'maso aja, atsala odontha kawiri.

Ndine mchemwali wako.


15 Febuluwale

Achemwali,

Ndalandira kalata yanu ndipo tonse tili bwino. Mankhwala ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, pamodzi ndi kalatayi.

Za zitseko zija, ndipemphe kuti mawuwo tiwaiwale. Chitseko cha Nyumba ya Malamulo sichikundidziwa, ndipo sichinaonetse chidwi chofuna kundidziwa. Ndinavala suti ya ukwati wanga, imene batani lake linasiya kalekale kulonjerana ndi bowo lake. Ndinaimika galimoto yanga yophunzitsira anthu kuyendetsa, ndi chilembo chake chofiira chija padenga, pakati pa magalimoto onyezimira ngati magalasi. Mlonda anandiyang'ana kuyambira kunsapato n'kunena kuti, "Obweretsa katundu amalowera kuseri." Ndinamuuza kuti ndine mwana wa phungu wakale. Anati, "Chabwino bwana, koma galimotoyo ipite kuseri."

Laibulaleyo ili pansi, munthu umachita kutsika masitepe. Chikwama, foni ndi cholembera umasiya pakhomo, amakupatsa pensulo yaifupi ngati chala. Muli mozizira, mukununkha makatoni akale, ndipo mashelefu ake ali ndi mawilo, umachita kupukusa chogwirira kuti atseguke. Ine, mphunzitsi wa madalaivala, ndinapukusira kolakwika n'kutsala pang'ono kupanikiza bambo wina amene amawerenga mkatimo.

Mayi woyang'anira anandikhazika pa kompyuta. Ndinalemba dzina la Bambo ndi chala chimodzi. Kompyuta inati palibe munthu wotero. Ndinalembanso. Palibe. Kenaka tinapeza kuti alembi a nthawi imeneyo anadya chilembo chimodzi m'dzina lathu, ndipo kwa zaka zonse zisanu Bambo anaimira anthu ndi dzina loperewera.

Tsopano gwirani mpando. Ndawapeza malo atatu. Poyamba akulumbira, monga wina aliyense. Kachiwiri akuti, "Bwana Sipikala, ndikugwirizana ndi amene angoyankhula kumeneyu." Kachitatu akupempha kuti atsegule mawindo chifukwa kukutentha. Sipikala anavomera, ndiye tinganene kuti pempho lawo linadutsa popanda wotsutsa.

Sindinataye mtima. Mayi uja akuti si mabuku onse amene analowa mu kompyuta, ndiye ndayamba kuwerenga pamanja, buku ndi buku. Ndi Chingerezi chokhachokha, cha anthu okonda kudzimva. Wina akakuwa osapatsidwa mpata, alembi samutchula dzina, amangolemba kuti, "Phungu wina: Bodza!" Ameneyu yekha ndiye akupezeka tsamba lililonse.

Muwafunse Bambo chaka, ngakhale nyengo yokha. Kunali mvula kapena dzuwa?

Ine mlongo wanu.


24 Febuluwale

Iwe,

Mankhwala afika, zikomo. Za mawindozo usauze munthu, ngakhale mlamu wanga.

Ndinawafunsa Bambo mozungulira, ndikuwapaka mafuta m'miyendo. Ndinati, kodi tsiku lija munagwedeza Nyumba linali liti? Anati, "Ndinkayankhula, inde," basi n'kutseka maso. Nditawauza za "Phungu wina" anadzuka n'kuseka mpaka kutsokomola. Akuti paliponse pamene palembedwa choncho ndi iwowo, uwerengere zonse kwa iwo. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena akundiseweretsa. Ukudziwa mmene alili.

Koma ine sindikuseka. Dzulo ndinakumana ndi mwana wamkazi wa Wachipewa kusitolo, anandifunsa mokweza kuti, "Pepala lija lafika, amayi?" Anthu onse pamzere anatembenuka. Bambo athuwa anagulitsa njinga yamoto ndi makina osokera a Amayi chifukwa cha mpando umenewo, anabwerako ndi jekete limodzi. Akapita, chotsala n'chiyani? Dokotala wanena kuti mtima wawo ukutopa. Ndikufuna aone dzina lawo pakhoma maso asanatsekeretu.

Usabwere ndi mawindo. Funa bwinobwino.

Mchemwali wako.


9 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Ndasiya ophunzira anga milungu iwiri, ena athawira kusukulu ina, ndipo mlamu wanu wayamba kundifunsa ngati mayi wa kulaibulaleyo ndi wokwatiwa. Ndawerenga za misonkho ya mchere, za mayunifolomu a apolisi, za mkangano wa masana onse wokhudza ngati phungu angalowe m'Nyumba atavala nsapato zoonetsa zala. Tsopano ndikamakangana ndi mlamu wanu ndimayamba ndi kuti "Bwana Sipikala."

Mu envulopu muno muli masamba awiri otayipa. Ndi mawu a ambulansi. Ndawaika m'chinenero chathu ndipo ndawaongolaongola kuti amveke bwino. Chonde muwawerengere Bambo okha, kuchipinda, chitseko chotseka. Akondwe. Zina ndidzafotokoza.

Ine mlongo wanu.


12 Malichi

Achemwali,

Chitumizireni kalata ija chakudya sichikutsika. Ndinene mosazungulira: mawu aja si a Bambo. Ndinalemba ndine, pa tebulo la kukhitchini, n'kukatayipitsa pa kasitolo ka mafotokope. Sindinaongole kanthu chifukwa panalibe choongola. Ndinaganiza za mtima wawo wotopawo, ndinati munthu wokalamba amve kamodzi kuti anagwedeza Nyumba. Ndinabako pang'ono kwa nduna ina ya zamalonda, pena kwa phungu wina wodziwa miyambi, kwinako ndi mutu wangawu.

Musapereke kwa komiti. Musaonetse munthu. Ngati simunawawerengere Bambo, yatsirani moto.

Kalatayi ndapatsira kondakitala yemwe uja, ifika mawa.

Ine wopusa wanu.


16 Malichi

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndakulakwira zaka zambiri pokuyesa wongolongolola. Masamba aja ndawerenga katatu, ndalira katatu. "Mayi woyembekezera sadikira bajeti, Bwana Sipikala!" Ndiye Bambo amenewo! Ndinamva mawu awo enieni m'makutu mwangamu.

Wanena kuti ndiwawerengere kuchipinda. Iwe ndi manyazi ako! Chinthu chotere n'chobisa? Ndakapereka kwa wapampando dzulo, ndachititsanso mafotokope ena ogawa. Aphunzitsi aakulu a kusekondale avomera kudzawerenga pamsonkhano, paja ali ndi liwu ngati wailesi. Bambo sindinawauze kanthu, ndikufuna adzadzidzimuke pamaso pa anthu. Ndawachapira jekete lija.

Mwana wa Wachipewa ndinakumana naye, ndinamupatsa moni ndine, mokweza.

Kondakitala wako uja sakuoneka masiku ano, akuti anamusinthira njira ina. Iyi ndapatsira dalaivala.

Mchemwali wako wonyadira.


22 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza lero, ndipo ndinaiwerenga nditakhala m'galimoto wophunzira ali pa chiwongolero. Ndinakuwa, iye n'kuponda buleki, wa m'mbuyo n'kutitukwana. Zikuoneka kuti kalata yanga ya pa 12 ikuyendabe m'thumba la kondakitala. Ndibwereze: mawu aja ndinapeka ndine. Pitani kwa wapampando mukawalande, ngakhale mochita kugwada. Ndayesa kuimbira a neba anu, foni yawo ikungolira.

Tsopano imvani chimene chikundipweteka kwambiri. Tsiku lomwe ndinatumiza bodza langa, mayi wa kulaibulale anandifunsa ngati ndayang'anako m'mabokosi a makomiti. Ine ndinali ndisakudziwa kuti aphungu amakumananso m'timagulu, m'tizipinda ta kuseri, kopanda owaonerera. Zimenezo sizili m'mabuku okongola aja, zili m'mabokosi omanga ndi chingwe. Bambo anali mu komiti ya zaumoyo.

Achemwali, mmenemo ndiye muli Bambo. Sanagwedeze kanthu. Ankangofunsa funso limodzi. Msonkhano uliwonse, kaya akukamba za udzudzu, kaya za malipiro a anamwino, Bambo ankakweza dzanja: "Nanga ambulansi ya kwathu ili pati?" Wapampando ankati, "Olemekezeka, munafunsa kale." Iwo ankati, "Sinabwere kale." Chaka chachitatu alembi anatopa, anayamba kungolemba kuti, "Olemekezeka anafunsa funso lawo lija." Chaka chomaliza mkulu wa ku unduna analonjeza kuti ailowetsa mu bajeti, ndipo anawonjezera kuti, "kuti mwina tipumeko." Inafika Bambo atagwa kale pa chisankho, Wachipewa n'kupeza riboni ikumudikira.

Pali tsiku limodzi lokha limene anayankhula motalikirapo, mizere isanu ndi umodzi. Wina anawafunsa chifukwa chimene akuvutira chonchi. Anayankha kuti, "Mwana wanga wamwamuna anabadwira pamsewu, kumbuyo kwa lole ya simenti, chifukwa ndi galimoto yokhayo imene inaima. Mkazi wanga anatsala pang'ono kufa. Mwanayo ali moyo, koma mutu wake ndi wouma mpaka lero." Pansi pake alembi analemba kuti, "Kuseka."

Ndinawerenga kawiri ndisanazindikire kuti Bambo ali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha. Ine ndakhala ndikuuza mlamu wanu ndi ana kuti ndinabadwira m'chipatala chachikulu. Inu munali wamkulu kale nthawi imeneyo, munkadziwa, ndipo simunandiuze. Ndiye kuti m'banja mwathu amene anaseketsa Nyumba ya Malamulo ndine, ndili ndi matewera.

Mafotokope enieni, okhala ndi chidindo cha laibulale, ndawatumiza pa positi yachangu. Afike, Mulungu atithandize.

Ine mlongo wanu wa mu lole.


28 Malichi

Iwe mwana iwe,

Makalata ako onse awiri afika dzana, tsiku limodzi, msonkhano utapita kale. Ya kondakitala inabwera itapindika ngati yakhala pansi pa munthu. Ndadikira kuti mkwiyo utsike ndisanagwire cholembera. Sunatsike, koma ndilemba.

Msonkhano unachitikira pakhonde la chipatala, pa mabenchi a odwala. Anthu anadzaza. Bambo tinawabweretsa pa njinga ya olumala ya chipatala, atavala jekete. Aphunzitsi aakulu anaimirira, anakonza kukhosi, n'kuyamba. Ndisaname, unalemba bwino, chitsiru iwe. Amayi ena ankapukuta misozi. Pa "sadikira bajeti" paja anthu anaomba m'manja. Ana a Wachipewa okha ndiwo sanaombe.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali. Kenaka anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Anati, "Apampando, mawu okomawa ndi a ndani?"

Wapampando anaseka. "Ndi anu, bambo."

Anati, "Ayi. Ine ndikanadziwa kuyankhula chonchi bwenzi nditapambananso chisankho. Komanso ndamvamo 'kunena zoona' kanayi. M'banja mwathu amene amati 'kunena zoona' akafuna kunama ndi mmodzi yekha, ndipo amaphunzitsa anthu galimoto."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anthu anaseka mpaka namwino anatuluka kudzatiletsa. Wapampando anafunsa kuti nanga za nduna yopempha madzi zija? Bambo anati imeneyo anayambitsa ndi malemu malume, amene sanapondeko n'komwe ku Nyumba ya Malamulo, ndipo iwo sanaitsutse chifukwa inkawapezetsa ulemu pamaliro ndi paukwati. Anati, "Ine ndinkangofunsa. Kufunsa sikukhala ndi chithunzi."

Komiti inakana mayina onse awiri. Lathu chifukwa cha pepala labodza, la Wachipewa chifukwa namwino wamkulu anati kudula riboni ngakhale iye amatha. Pakhoma alemba kuti Chipinda cha Amayi, basi. Kusitolo ndikutuma ana a neba, ine sindikupitako.

Mafotokope ako enieni ndinawawerengera Bambo usiku wa dzana. Ndinafuna kukawaonetsa kwa wapampando, iwo anakana, akuti nkhani yatha ndipo dzina limene lalembedwalo ndi loona kuposa onse awiri. Koma anandiuza kuti ndibwereze pa "Sinabwere kale" katatu, akumenya bondo. Pa za lole sanaseke. Anangoti ubwere ndi galimoto yako udzawatenge. Akufuna akaone mabokosiwo ndi maso awo asanathe.

Za kubadwa kwako, Amayi ndiwo anatiletsa kukuuza. Ankati unali kale ndi mavuto okwanira.

Sindinakukhululukire. Ubwere ndi shuga.

Mchemwali wako.


10 Epulo

Achemwali,

Tinafika bwino, musade nkhawa. Bambo akudya, akumwa mankhwala, ndipo alanda mpando wanga wa pabalaza. Njira yonse sanatchule za bodza langa. Anangoti, "Kunena zoona, umayendetsa bwino," n'kundisiya ndizilingalira ndekha.

Dzulo tinapita. Mlonda yemwe uja anayamba kuloza kuseri, Bambo n'kutsitsa galasi. Sanatchule dzina, anangoti, "Mwana wanga, ndinkagwira ntchito muno iwe usanabadwe, ndipo masitepe a kuseri sindingawathe." Anatitsegulira geti la kutsogolo. Ine ndi suti yanga ndinalephera, iwo anatha ndi masilipasi.

Pa masitepe otsikira pansi paja, Bambo ndinawabereka kumsana. Achemwali, Bambo apepuka. Ndinayembekezera kulemera kwa munthu amene ankatinyamula tonse awiri nthawi imodzi, koma zinali ngati ndabereka jekete lokhalo. Ndinaima pakati pa masitepe ngati ndikupuma, chonsecho ndimafuna nkhope ikhale bwino tisanalowe.

Mayi woyang'anira anatulutsa bokosi, anawabwereka galasi lokulitsa zilembo. Bambo anamasula chingwe okha. Ankayendetsa chala pa mayina a anzawo a mu komiti n'kumati, uyu anapita, uyu anapita, uyu ankagona pamsonkhano, uyu anali munthu wabwino. Atafika pa tsamba la lole anawerenga pang'onopang'ono. Anandiuza kuti Amayi sanalire tsiku limenelo. Anangogwira dzanja lawo n'kunena kuti, "Muuzeni dalaivala asathamange, mwanayu wafika kale." Akuti pamsonkhano uliwonse akamakweza dzanja ankamva mawu amenewo. Ine ndinangoyang'ana kudenga, ku mapaipi.

Kenaka anagogoda tsambalo ndi chala, n'kunena mokweza, m'chipinda choletsa phokoso, "Apa pali cholakwika."

Mayi uja anabwera msanga. Anthu owerenga anadzutsa mitu.

Bambo anati, "Alembi analemba zimene ndinanena, koma ine ndinanama. Sinali lole ya simenti. Ndinati simenti kuti ndimusungire ulemu mnyamatayu. Inali lole ya nkhumba."

Wowerenga uja amene ndinatsala pang'ono kumupanikiza ndi shelefu analipo. Anavula magalasi kuti andione bwino.

Ndinati, "Bambo, tiyeni tizipita." Iwo anafunsa mayiyo ngati phungu wakale amaloledwa kukonza mawu ake. Mayiyo anaganiza, n'kunena kuti zakale sizisinthidwa, koma munthu angathe kulemba kalata yofotokoza, imene amaiika m'bokosi momwemo mpaka kalekale. Bambo anasangalala ngati apatsidwanso mpando. Akuti m'banja muno mabodza akwana, ndipo akufuna atchulemo ndi dzina langa lonse, zilembo zosadyedwa, kuti ofufuza a m'tsogolo asadzavutike ngati mmene ndinavutikira ine.

Pamene ndikulemba pano ali pa tebulo ndi mlamu wanu, iwo akunena, iye akulemba, ndipo ana anga akuthandiza kukumbutsa kuti nkhumbazo zinali zingati. Akuti tikapereke Lachisanu.

Achemwali, ndikudziwa kuti simunandikhululukire. Koma ngati mwatsala ndi kachifundo kalikonse, kwerani basi ya Lachinayi mudzawatenge bambo anu.

Ine mlongo wanu.